Nyama ndi Makapisozi: Lamulo la Kusala Linachokera Kuti?

 Lero tikambirana funso limene limamveka kawirikawiri pa windo lolandirira mankhwala: "Ndikamamwa makapisoziwa, nyama ndingadye?" Ena safunsa n'komwe chifukwa yankho analimva kale kunyumba. Anauzidwa kuti nkhumba, mbuzi, nkhuku kapena mlamba zimasukulutsa mankhwala, ndipo kuti chilonda cha munthu wodya nyama chimachita mafinya.

Tiyambe ndi yankho. Idyani. Nyama yatsopano, yophikidwa mpaka kupsa, siletsa maantibayotiki amene mumalandira ku chipatala kugwira ntchito. Zilipo zinthu zina zimene zimadana ndi mankhwala ena, ndipo tizitchula mmodzimmodzi, koma nyama ya m'mbale mwanu siili m'gulu limenelo.

Nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa lamulo la kusalali limapweteka anthu m'njira ziwiri. Wodwala amene thupi lake likufuna ndiwo zabwino amamanidwa, n'kumangodya nsima ya masamba kapena phala lopanda kanthu. Wina akaona kuti kwaphedwa mbuzi pa ukwati, pa sadaka kapena pa Khirisimasi, amaika makapisozi pambali masiku awiri kuti adye nawo. Woyambayu amachedwa kupeza mphamvu. Wachiwiriyu amapatsa matenda mpata wobwerera. Mawu amene munthu anamva kwa agogo ake sachoka ndi kukalipiridwa, choncho tiyeni tiwalondole kumene anachokera.

Kusala kunayamba makapisozi asanabwere

Makolo athu akapita kwa sing'anga, ankabwerako ndi zinthu ziwiri: mankhwala ndi malamulo ake. Wina ankauzidwa kuti asadye therere, wina nkhumba, wina mlamba, wina asathire mchere m'ndiwo. Kusala kunali mbali ya mankhwalawo. Munthu akapanda kuchira, funso loyamba linali lakuti, "Kodi unasala bwino?" Mpaka lero ambiri a ife timaona ngati mankhwala opanda choletsa ndi opanda mphamvu.

Musaganize kuti maganizo amenewa ndi athu okha. Ku Brazil, kumene amalankhula Chipwitikizi ngati kuno, anthu ali ndi zakudya zimene amazitcha remosa. Amati munthu wa chilonda kapena amene wachitidwa opaleshoni asadye nkhumba, nkhanu ndi nsomba zopanda mamba. Mukumva kufanana kwake ndi mlamba wathu.

Ngakhale madokotala a ku Ulaya anakhala zaka mazana akumana chakudya odwala otentha thupi. Ankakhulupirira kuti chakudya chimakoleza matenda. Dokotala wina wa ku Dublin m'dziko la Ireland, Robert Graves, amene anamwalira mu 1853, anatsutsa zimenezi ndipo anayamba kudyetsa odwala ake. Anakhutira nazo kwambiri moti ankafuna kuti anthu azidzamukumbukira ndi ntchito imeneyo. Komabe chizolowezi chinapitirira. Odwala tayifodi ankakhala milungu ingapo akumwa mkaka wokha poopa kuti matumbo angabooke. Mu 1909 Warren Coleman, wa pa chipatala cha Bellevue ku New York, anasonyeza kuti odwala tayifodi amene akupatsidwa chakudya chokwanira saonda kwambiri ndipo amachira bwino. Apa mukuona kuti a chipatala nawonso anali ndi kusala kwawo, ndipo anakusiya ataona ndi maso kuti kukufooketsa odwala.

Mankhwala atsopano

Mu Seputembala 1928, pa chipatala cha St Mary's ku London, Alexander Fleming anapeza kuti chuku chimene chinamera m'kambale kake koyezera chinapha mabakiteriya amene anali pafupi nacho. Madzi a chuku chimenecho anawatcha penisilini. Panapita zaka zoposa khumi kuti Howard Florey, Ernst Chain ndi anzawo ku Oxford athe kuwayenga n'kukhala mankhwala. Pa 12 Febuluwale 1941 anabaya nawo wapolisi wina, Albert Alexander, amene matenda anali atamulowa m'magazi. Munthuyo anayamba kutsitsimuka. Koma mankhwala anali ochepa kwambiri moti ankachita kuwasefanso kuchokera mu mkodzo wake. Atatha, matenda anabwerera ndipo anamwalira mwezi wotsatira. Sungani nkhani imeneyi: mmodzi mwa anthu oyamba kulandira penisilini anafa chifukwa mankhwala anathera panjira.

Polandira mphoto ya Nobel mu 1945, Fleming anachenjeza kuti tsiku lidzafika pamene aliyense adzatha kugula penisilini m'sitolo, ndipo munthu womwa mlingo wochepa adzazoloweretsa tizilombo mankhwalawo m'malo motipha. Za nyama sananenepo kanthu. Nkhawa yake inali mlingo.

Mankhwala ena anatsatira msanga. Estreptomicina, woyamba kugonjetsa chifuwa chachikulu, anapezeka mu 1943. Cloranfenicol anachiza odwala tayifodi koyamba mu 1948 ku Malaya. Amoxicilina, amene ana athu amalandira akadwala chibayo, anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1972. Mayinawa tikuwatchula monga amalembedwera pa timapepala ta ku chipatala mbali ino ya malire. Ku Malawi malembedwe ake amasiyana pang'ono kumapeto, koma mankhwala ndi omwewo.

Kusiyana kwa mankhwalawa ndi a makolo kuli apa. Antibayotiki amasungunuka m'mimba, amalowa m'magazi kudzera m'matumbo, n'kukapeza mabakiteriya kumene abisala. Penisilini ndi amoxicilina amaphwasula khoma la kachilomboko. Doxiciclina amakatsekera njira yopangira zomangira thupi lake. Chofunika n'chakuti mankhwala akhale okwanira m'magazi usana ndi usiku mpaka masiku amene munauzidwa atakwana. Nthuli ya mbuzi imagayidwa m'mimba ngati chakudya china chilichonse, ndipo ilibe chimene imalanda pa ntchito imeneyi.

Mmene anafikira m'makomo mwathu

Pa nthawi ya atsamunda zipatala ndi madokotala zinali kwambiri m'matauni. Anthu a kumudzi ankaonana ndi jakisoni wa penisilini ku mishoni, ku migodi kapena atapita kukagwira ntchito kunja. Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, madokotala ambiri anachoka ndipo anatsala osakwana 100 m'dziko lonse. Pa 24 Julayi chaka chomwecho boma linatenga ntchito zonse za chipatala kukhala m'manja mwake. Mu 1977 Mozambique inatulutsa mndandanda wake wa mankhwala ofunika, chaka chomwe bungwe la WHO linatulutsa mndandanda wake woyamba. Mu 1978 kunayamba maphunziro a ma APE, anthu osankhidwa m'midzi kuti azithandiza anzawo. Kuyambira apo makapisozi anayamba kufika kumene kale kunkafika mizu ndi makungwa okha.

Kenaka nkhondo inakula. Zipatala zazing'ono mazanamazana zinawotchedwa kapena kutsekedwa. Magalimoto pa msewu wa Tete ndi Zóbuè ankayenda mondondozana, asilikali akuwaperekeza. Anthu oposa 1,000,000 anathawira ku Malawi, mpaka mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. M'zaka zimenezo, ndiponso pambuyo pake, anthu ambiri anazolowera kupeza makapisozi pa msika, awiri kapena atatu, opanda wowafotokozera kamwedwe kake.

Munthu amene anakula akudziwa kuti mankhwala alionse ali ndi choletsa, akalandira kapisozi amafunsa kuti, "Ndisale chiyani?" Pakasowa namwino womuyankha, amayankha ndi a pakhomo, ndipo amatchula zimene ankazidziwa kale: nkhumba, mlamba, therere. Chinanso, malamulo ena oona a ku chipatala anasokonekera poyenda pakamwa ndi pakamwa. Namwino anati, "Awa musamwere mkaka," koma pofika kumudzi mawuwo anasanduka akuti asadye chilichonse chochokera ku chiweto. Anati, "Awa mumwe musanadye," anthu anamva ngati chakudya ndi mdani wa mankhwala. Chachitatu, maantibayotiki ambiri amachititsa nseru kapena kutsegula m'mimba pang'ono, chifukwa amapha ndi tizilombo tabwino ta m'matumbo. Munthu akadya nyama tsiku limenelo, mlandu umagwera nyama. Njira zitatuzi zinakumana, lamulo n'kukhazikika.

Phunziro la 1990: thupi likasowa ndiwo

Akuluakulu amene anakhalako m'misasa ya othawa nkhondo kumwera kwa Malawi akukumbukira matenda amene anabuka mu 1989 ndi 1990. Khungu linkada ndi kusweka pakhosi, m'manja ndi m'mapazi, malo amene dzuwa limawomba. Anthu ankatsegula m'mimba, ena mutu unkasokonezeka. Matendawa dzina lake ndi pelagra. Mu 1990 mokha anthu pafupifupi 18,000 anapezeka nawo. Ofufuza atalondola anapeza kuti mtedza, umene unali m'gulu la chakudya chogawidwa, unasiya kubwera kwa miyezi ingapo, ndipo anthu anatsala ndi ufa wa chimanga, nyemba pang'ono ndi mafuta. Pelagra imabwera thupi likasowa vitamini wotchedwa niacina, amene amapezeka mu mtedza, nyama, chiwindi ndi nsomba, koma m'chimanga thupi silimupeza wokwanira. Mtedza utabwerera ndipo mapiritsi a vitamini atagawidwa, matenda anachepa.

Zimenezi zinali zitadziwika kale ku America, kumene Joseph Goldberger anasonyeza cha m'ma 1915 kuti ana amasiye odwala pelagra amachira akapatsidwa nyama, mkaka ndi mazira. Tikukumbutsani zimenezi chifukwa isoniazida, mmodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikulu, angathe kudzutsa pelagra mwa munthu amene sakudya mokwanira. Mukamumana ndiwo za nyama ndi nsomba kwa miyezi isanu ndi umodzi, mukumukankhira ku matenda achiwiri.

Inu a ku Chipanga nkhani ya chakudya mumaidziwa bwino. Dzina la mudzi wanu ndi lomwe linali la migodi ya pansi ya malasha ya Carbomoc. Kuyambira 2009, mabanja oposa 1,300 a ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe anasamutsidwa kuti kampani ya Vale itsegule mgodi. Ena anapita ku 25 de Setembro, ena ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize. Lipoti la Human Rights Watch la 2013 linafotokoza mmene mabanja ambiri osamutsidwawo anavutikira kupeza chakudya ndi madzi. M'nyumba zotere nyama sioneka tsiku ndi tsiku. Mlongo wanu akabwera ndi nkhuku kudzazonda matenda, kapena mwana akatumiza nsomba ya chikowa, chimenecho n'chithandizo chachikulu. Musachibweze, ndipo musadye nokha wodwala akuyang'ana.

Umboni wa anthu amene amamwa tsiku ndi tsiku

Pali umboni wina umene uli pakati pathu pomwe. Cotrimoxazol, amene ambiri amamutcha Bactrim, ndi antibayotiki. Kafukufuku wa ku Abidjan mu 1999 atasonyeza kuti amateteza anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV ku matenda ena, WHO ndi UNAIDS analangiza mu 2000 kuti aziperekedwa mu Africa. Ku Lusaka, kafukufuku amene anatuluka mu 2004 anapeza kuti imfa za ana okhala ndi kachilomboka zinatsika ndi 43 pa 100 alionse akamamwa mankhwalawa tsiku lililonse. Ku Thyolo ndi ku Karonga m'dziko la Malawi anapezanso kuti amapulumutsa odwala chifuwa chachikulu amene ali ndi HIV. Kuyambira pamenepo anthu ambirimbiri kuno ndi ku Malawi akhala akumwa cotrimoxazol kwa zaka, akudya nkhuku, mbuzi, nkhumba ndi kapenta monga wina aliyense. Nyama ikanakhala yosukulutsa, chitetezo chimenechi sichikanaoneka.

Odwala chifuwa chachikulu nawonso amamwa maantibayotiki anayi miyezi iwiri yoyamba, kenaka awiri kwa miyezi inayi. Ku chipatala amawayeza pa sikelo nthawi ndi nthawi, chifukwa kunenepa ndi chizindikiro chakuti akuchira. Thupi limafuna zakudya zomanga thupi kuti litseke zilonda, libwezeretse minofu ndi kupanga asilikali ake a m'magazi. Mankhwala amapha tizilombo, koma kumanganso thupi ndi ntchito ya chakudya.

Ngati simudya nyama ina chifukwa cha chipembedzo chanu, kapena ndalama sizikulola, palibe chokukakamizani. Mazira, nsomba, nyemba, khobwe, nandolo ndi nsinjiro zimagwira ntchito yomweyo. Ngatinso adokotala anakuuzani kuchepetsa nyama kapena mchere chifukwa cha impso, mtima kapena kuthamanga kwa magazi, tsatirani zimenezo. Choletsacho ndi cha matendawo, osati cha makapisozi.

Zoletsa zenizeni

Tsopano tcherani khutu, chifukwa izi ndiye zimene a chipatala amaletsadi.

Mowa ndi metronidazol sizigwirizana. Kachasu, nipa, kabanga, mowa wa m'botolo, zonse zilekeni pamene mukumwa mankhwalawa ndiponso masiku awiri mutamaliza. Zikakumana m'thupi munthu angasanze kwambiri, nkhope kutentha, mtima kugunda mothamanga. Wodwala chifuwa chachikulu naye aleke mowa, chifukwa mankhwala ake amalemetsa kale chiwindi.

Mkaka, chambiko, mapiritsi owonjezera magazi a sal ferroso ndi mankhwala a chilungulira zimagwira tetraciclina, doxiciclina ndi ciprofloxacina m'mimba momwemo, n'kuwaletsa kulowa bwino m'magazi. Musamwere pamodzi. Imwani antibayotiki, padutse maola awiri kapena kuposerapo, kenaka mumwe zinazo. Doxiciclina mumwere kapu yodzaza ya madzi ndipo musagone pansi nthawi yomweyo. Amayi oyembekezera auze namwino za mimbayo asanalandire mankhwala alionse.

Alipo ofuna m'mimba mopanda kanthu, monga mapiritsi a penisilini otchedwa fenoximetilpenicilina, cloxacilina ndi rifampicina. Amenewa amamwedwa ola limodzi musanadye kapena maola awiri mutadya. Lamuloli ndi la nthawi chabe. Ola likakwana, idyani nsima yanu ndi ndiwo zimene zilipo. Rifampicina amafiiritsa mkodzo ndi misozi, musadabwe nazo.

Amoxicilina, cotrimoxazol ndi metronidazol mungamwe mutadya, ndipo kutero kumachepetsa nseru. Bedaquilina, wa chifuwa chachikulu chosamva mankhwala, amafuna kumwera chakudya. Coartem wa malungo, amene ku Malawi amati LA, sali m'gulu la maantibayotiki, koma naye amalowa bwino m'thupi mukadya chakudya cha mafuta pang'ono.

Malo amodzi okha ndi amene nyama imatchulidwa. Amene akumwa linezolida, mankhwala enanso a chifuwa chachikulu chosamva mankhwala, amauzidwa kupewa nyama yokhalitsa, yofutsa kapena yoyamba kusasa, pamodzi ndi tchizi chokhalitsa, chifukwa zingakweze kuthamanga kwa magazi. Amene akumwa isoniazida apewe nsomba imene yayamba kuwonongeka. Nyama ndi nsomba zatsopano n'zololedwa kwa onsewa.

Ngozi yeniyeni: Neno ndi Tsangano, 2009

Chimene Fleming anachenjeza chinafika pa malire athu omwe ano. Kuyambira Malichi mpaka Novembala 2009, m'midzi ya m'boma la Neno ku Malawi ndi la Tsangano kuno ku Tete, munabuka matenda amene poyamba anasokoneza anthu. Odwala ankatentha thupi, ena miyendo inkauma, ena ankalephera kuyenda ndi kulankhula bwino. Magazi atayezedwa, anapeza kuti ndi tayifodi. Anthu 303 anawerengedwa kuti anadwala, ndipo 11 anamwalira. Chodetsa nkhawa chinali chakuti tizilombo tonse timene anatiyeza sitinkamva ampicilina, cloranfenicol ndi cotrimoxazol, mankhwala atatu otsika mtengo amene kwa zaka zambiri ankachiza tayifodi. Patapita zaka zochepa, tayifodi wa mtundu wosamva mankhwalawu anachulukanso pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Tizilombo timaphunzira kupirira tikamakumana ndi mankhwala pafupipafupi popanda chifukwa, kapena pa mlingo wosakwanira. Munthu akagula makapisozi atatu pa msika chifukwa cha chimfine, chimene sichimva antibayotiki n'komwe, akuthandiza tizilombo kuphunzira. Chimodzimodzi amene amagawana mankhwala ake ndi mkazi wake kapena mnansi, ndi amene amadumphitsa masiku kuti adye nyama ya pa phwando. Tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana, ndipo timafalikira kwa ana kudzera m'madzi, m'manja ndi m'chakudya. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2022 anawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1,270,000 pa dziko lonse anafa ndi mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chigawo cha Africa cha kumwera kwa chipululu cha Sahara ndi chimene chinakhudzidwa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Tizilombo sitionetsa chiphaso pa chipata cha Zóbuè. Zimene zachitika ku Mwanza mawa zili kwathu.

Pamene nyama ili ndi mlandu

Ilipo nkhani ina imene nyama ndi maantibayotiki zimakumanadi, ndipo imayambira m'khola. Mu 1950 Thomas Jukes ndi Robert Stokstad ku America analengeza kuti nkhuku zopatsidwa antibayotiki pang'ono m'chakudya zimakula msanga. Alimi a maiko ambiri anatengera, ndipo kwa zaka zambiri ziweto zinkadya mankhwala zisakudwala. Pambuyo pake zinadziwika kuti makola otere amaswa tizilombo tosamva mankhwala. Dziko la Sweden linaletsa mchitidwewu mu 1986, ndipo maiko a European Union anauletsa mu 2006.

Kwathu kuno Tete ndi dziko la mbuzi ndi ng'ombe. Mbuzi ya kuno, yodya masawu ndi malambe, imatchuka mpaka ku Maputo. Chiweto chikadwala, ambiri amachibaya oxitetraciclina, ndipo chikapanda kusintha amafulumira kuchipha kuti asaluze. Nyama imeneyo imakhala ndi mankhwala, ndipo kuphika sikuwachotsa onse. Pa botolo lililonse pamalembedwa masiku odikira musanaphe chiweto kapena kumwa mkaka wake. Mankhwala ena ndi masiku ochepa, ena ndi milungu ingapo. Werengani, kapena funsani alangizi a ziweto. Musasungunulire nkhuku makapisozi a anthu m'madzi pofuna kuchiza chitopa. Chitopa chimayamba ndi vayirasi, antibayotiki sachigwira, ndipo chitetezo chake ndi katemera wodonthezera m'diso.

Nyama ya chiweto chofa chokha musadye, musasende, musagulitse, chifukwa matenda ena monga anthrax amachokera kumeneko. Nkhumba imene nyama yake ili ndi timibulu toyera ngati mpunga ili ndi ana a njoka za m'mimba, ndipo vutoli ndi lodziwika ku Angónia ndi madera oyandikana nawo. Imeneyo itayeni. Kanyenya wa pa msewu amene m'kati akadali wofiira musapatse wodwala. Nyama ipse mpaka m'kati, yotsala muitenthetsenso mpaka iwire, ndipo sambani m'manja ndi sopo mukagwira nyama yaiwisi. Mwina agogo anu anaonapo wodwala akudwalika atadya nyama, ndipo sananame. Nyama yogona pa kutentha kwa ku Tete popanda firiji imadwalitsa ngakhale munthu wamphamvu. Vuto linali kuwonongeka kwa nyamayo.

Zoti muchite pakhomo

Mukalandira mankhwala, musachoke pa windo musanafunse mafunso anayi: dzina lake ndi chiyani, ndimwe kangati pa tsiku, kwa masiku angati, ndimwe ndisanadye kapena nditadya? Paja akulu anati safunsa anadya phula. Namwino kapena APE wa m'dera lanu sangakunyozeni chifukwa chofunsa.

Imwani monga mwauzidwa, ngakhale mutayamba kupeza bwino. Mukaiwala, imwani pamene mwakumbukira, koma ngati nthawi ya mlingo wotsatira yayandikira, musaphatikize iwiri. Mukapita ku maliro kapena ku ukwati, tengani mankhwala anu m'thumba, mudye zimene anzanu akudya, mowa wokha muusiye.

Wodwala amene alibe chilakolako cha chakudya mumupatse pang'onopang'ono koma pafupipafupi: msuzi wa nkhuku, nyama yofewa yoduladula, phala la nsinjiro, dzira lowiritsa, nthochi. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Ngati sing'anga wakupatsaninso mankhwala ake, auzeni a chipatala, ndipo musalole kuti choletsa chilichonse chimane mwana chakudya kapena chiimitse mankhwala a ku chipatala.

Thamangirani ku chipatala tsiku lomwelo ngati wodwala watupa nkhope kapena milomo, akubanika, watuluka zidzolo thupi lonse, ali ndi zilonda m'kamwa kapena khungu likusupuka, maso achita chikasu, akusanza chilichonse, kapena akutsegula m'mimba kwambiri kapena mwa magazi. Zimenezi si zotsatira za nyama, ndipo kusala sikungazithetse. Bwereraninso ngati papita masiku awiri kapena atatu osasintha.

Apongozi kapena agogo akakuuzani kuti wodwala asale nyama, musawayankhe mwachipongwe. Akunena chifukwa chomukonda. Awerengereni kapepala aka, akumbutseni za pelagra ya m'misasa ndi za anthu a m'mudzi mwanu amene amwa Bactrim kwa zaka akudya chilichonse, ndipo ngati akukayikabe, pitani nawo limodzi akamve okha kwa namwino. Kapepalaka mukamaliza kuwerenga mupatseko a nyumba yoyandikana nanu.